Phula likutidutsa pakhomo, koma msewu wa kumunda ndi matope okhaokha: misewu ya boma anaimangira yani?

Mlimi wina wa ku Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, watilembera motere: "Ine ndimalima mbatatesi ndi nyemba. Chaka chilichonse mvula ikafika pachimake, galimoto sizifika kwathu, ndipo mbatatesi zimaolera m'matumba kapena timagulitsa motchipa kwa mavenda a ku Malawi amene amabwera pa njinga zamoto. Koma ndikatsikira ku Tete ndimaona phula lakuda bii, mathiraki a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali ndondondo usana ndi usiku. Mwana wanga wa kusukulu akuti msewu woyamba wa dziko lino, N1, sudutsa n'komwe m'chigawo chathu. Kodi misewu imeneyi inayamba bwanji, ndipo anaimangira yani? Zilembo za N ndi R zija zimatanthauza chiyani? Komanso ndikufuna kumanga kagolosale m'mbali mwa phula lopita ku Ulónguè. Ndingomanga, kapena pali lamulo?"

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Zimene mwaonazo n'zoona, ndipo mwana wanu sananame. Ine ndakalambira pa ntchito yokonza misewu m'chigawo chino, ndipo funso lanulo ndakhala ndikulimva kwa mafumu, kwa madalaivala a chapa (maminibasi), ngakhale kwa anamwino a m'zipatala za kumidzi. Mtima ukhale pansi pa chinthu chimodzi: msewu wa kwanu uli ndi mwini wake m'boma, ndipo pali khomo limene mungagogode. Koma kuti mudziwe khomo lake, muyenera kudziwa kaye mmene misewuyi inabadwira, chifukwa vuto la mbatatesi zanu linayamba kale inu ndi ine tisanabadwe.

Kale msewu waukulu wa kuno unali mtsinje wa Zambezi. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo patapita nthawi anatsegula msika ku Zumbo. Golide, minyanga ya njovu ndi akapolo zinkatsika ndi madzi kupita kunyanja. Kumtunda kuno kunali tinjira ta miyendo, katundu pamutu pa amtengatenga, mzungu ali gone m'machila. Taonani kumene katundu ankalowera: kuchoka m'kati mwa dziko kupita kudoko, basi. Panalibe amene ankaganiza zolumikiza mudzi ndi mudzi unzake.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, boma la Apwitikizi la ku Lisboa linalibe ndalama zoyendetsera dziko lalikulu chonchi, choncho linabwereketsa zigawo zikuluzikulu kwa makampani. Companhia de Moçambique inkalamulira Manica ndi Sofala mpaka 1942, Companhia do Niassa inali kumpoto mpaka 1929, ndipo kuno kwathu malo ambiri anali m'manja mwa Companhia da Zambézia. Kampani iliyonse inkasamala za phindu la m'dera lake. Ndalama zenizeni zinali pa kunyamula katundu wa maiko oyandikana nafe amene alibe nyanja, ndiye njanji zonse zinagona chopingasa, kuchoka kudoko kulowera kumadzulo: ya Lourenço Marques (lero Maputo) kupita ku Transvaal, ku South Africa, mu 1895, ya Beira kupita ku Rhodesia (lero Zimbabwe) chisanafike chaka cha 1900, ya Beira kulowera ku Nyasaland (lero Malawi) mu 1922, ndipo mlatho wa Dona Ana, wa pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unatsegulidwa mu 1935. Nthambi yokatenga malasha ku Moatize inafika mu 1949. Dziko lathu ndi lalitali kuchoka kummwera kupita kumpoto, koma njira zake anazijambula kuchoka kummawa kupita kumadzulo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Misewu ya dothi ya nthawi imeneyo inamangidwa ndi chibalo. Akuluakulu a ku Angónia ndi Macanga amakumbukira bwino: asipayi ankabwera kwa nyakwawa kudzafuna anthu, amuna ngakhale amayi, khasu lako lomwe, chakudya chako chomwe, malipiro osaoneka, wokana n'kulandira mbalamatodya m'manja. Misewu imeneyo inkalumikiza boma ndi maposito ake, kuti wokhometsa msonkho ndi msilikali afike msanga. Ndimanena zimenezi kawirikawiri kwa anyamata amene amati misewu inabwera ndi azungu. Mapulani anali awo, koma thukuta linali la agogo athu, ndipo ambiri anasiya minda yawo ikumera tchire chifukwa cha ntchito imeneyo.

Phula lenileni linafika mochedwa m'chigawo cha Tete, ndipo linabwera ndi zinthu ziwiri, damu ndi nkhondo. Frelimo inatsegula nkhondo kuno mu 1968, ndipo ntchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba mu 1969. Simenti, zitsulo ndi makina olemera zinkayenera kufika ku Songo, kumene kuli damulo, ndipo asilikali a Apwitikizi anaona kuti pa msewu wa dothi bomba lokwirira silioneka, pamene pa phula munthu akakumba chipsera chimaonekera patali. Ndiye anathamanga kuthira phula m'misewu yofunika kwa iwo. Mlatho wolendewera pa zingwe wa mumzinda wa Tete, umene lero timautcha Samora Machel, ndi wa nthawi yomweyo. Anaujambula ndi katswiri wa ku Portugal, Edgar Cardoso, ndi wotalika mamita oposa 700, ndipo unatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ufulu uli pafupi. Usanamangidwe, galimoto zinkaoloka Zambezi pa pantoni.

Tsono pamene tinalandira ufulu pa 25 Juni 1975, tinalandira misewu yomangidwira zolinga za eni ake akale. Boma latsopano linkafuna msewu umodzi womanga dziko kuchoka ku Maputo mpaka ku Cabo Delgado, kuti munthu wa ku Pemba ndi wa ku Xai-Xai adzimve kuti ndi a dziko limodzi. Imeneyo ndiyo ntchito ya N1: imachoka ku Maputo, kudutsa Xai-Xai, Maxixe, mtsinje wa Save, Inchope, Caia, Nicoadala, Mocuba, Nampula mpaka Pemba, mtunda woposa makilomita 2,000. Imatsata mbali ya kunyanja chifukwa kumeneko ndi kumene kuli mizinda yambiri ndi madoko. Chigawo chathu chinalowa m'kati ngati mphero pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndiye N1 ikanati idutse kuno ikanakhota kwambiri. Ife timaipeza potsika ndi N7 mpaka ku Vanduzi, kulowa N6 kudutsa Chimoio, kenako Inchope. Ndipo dziwani kuti N1 yomweyo inakhala yoduka pakati kwa zaka zambiri. Ku Caia galimoto zinkagona pamzere kudikira pantoni mpaka 2009, pamene anatsegula mlatho wa Armando Emílio Guebuza, wotalika mamita 2,376.

Maloto a ufulu aja sanapite patali chifukwa nkhondo inabweranso. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mpaka pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, misewu inasanduka malo ophera anthu. Milatho inaphulitsidwa, kuphatikizapo wa Dona Ana, phula linakumbidwa maenje dala, mabomba anakwiriridwa m'misewu ya kumidzi. Inu a ku Tsangano mukudziwa kuposa ine, poti ambiri a inu munathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Katundu wa Malawi ankayenda pa koluna, mdipiti wa mathiraki woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe kuchoka ku Nyamapanda kudutsa Tete mpaka Zóbuè, ndipo madalaivala ambiri anatsala m'njira imeneyo. Misewu ing'onoing'ono inangomera mitengo. Titayamba kuitsegulanso nkhondo itatha, malo ena tinkazindikira kuti panali msewu poona mzere wa mitengo ya mango kapena mutu wa kalavati wotsalira m'tchire, ndipo patsogolo pathu pankayenda ochotsa mabomba. Ntchito yawo inatenga nthawi yaitali, moti dziko linalengezedwa kuti lathana ndi minda yodziwika ya mabomba mu 2015.

Pomanganso, ndalama zambiri zinachokera ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi maiko othandiza, ndipo anayambira misewu ikuluikulu yomweyo. Sindikuwadzudzula pa zimenezo, chifukwa chimanga cha chithandizo ndi anthu obwerera kwawo zinkayenera kudutsa penapake. Koma zotsatira zake n'zakuti mapu a atsamunda aja anatsitsimutsidwa, pamene misewu ya alimi inatsala m'mbuyo kachiwiri.

Tsopano za zilembo. Mu 1999 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira misewu, Administração Nacional de Estradas, limene tonse timangoti ANE, ndipo pambuyo pake thumba la ndalama za misewu, Fundo de Estradas, linapatulidwa kukhala palokha. Misewu yolembedwa m'kaundula wa boma ndi pafupifupi makilomita 30,000, ndipo yambiri mwa imeneyi ilibe phula. Inagawidwa m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi la N yokhala ndi nambala yaing'ono, misewu yolumikiza malikulu a zigawo, madoko ndi zipata zikuluzikulu za m'malire. Kuno tili ndi N7, yochoka ku Vanduzi kudzera ku Catandica, Guro, Changara, Tete, Moatize mpaka Zóbuè. Pali N8, yochoka ku Changara kupita ku Cuchamano m'malire a Zimbabwe, ndi N9, yochoka ku Matema kupita ku Cassacatiza m'malire a Zambia. Akuluakulu amene anazolowera kutcha msewu wa Tete mpaka Zóbuè kuti EN103 asadabwe, manambala anasinthidwa, msewu ndi womwewo. Gulu lachiwiri ndi N ya manambala a m'ma 200 ndi 300, monga N304 imene inu mukuitcha phula la ku Ulónguè, yochoka pa mphambano ya Mussacama mpaka ku Calómuè moyang'anana ndi Dedza. Kenako pali misewu ya R, ya gulu lachitatu ndi lachinayi, yolumikiza maboma, maposito ndi madera a ulimi, monga R604 ya Ulónguè, Dómuè mpaka Furancungo. Pansi pa yonseyi pali misewu yopanda nambala, ndipo ndikukhulupirira kuti wa kumunda kwanu uli m'gulu limeneli. Imeneyi ili m'manja mwa boma la disitiriti.

Mwafunsa kuti anaimangira yani. Ya N7, N8 ndi N9 cholinga chake choyamba ndi malonda a pakati pa maiko, palibe chobisa. Malawi ndi Zambia alibe doko, ndipo mafuta, feteleza ndi katundu wawo wambiri amadzera ku Beira, kapena kuchokera ku South Africa kudzera ku Zimbabwe. Maiko a kummwera kwa Africa atapanga bungwe la SADCC mu 1980, Mozambique ndiye anapatsidwa udindo wotsogolera nkhani za mayendedwe, chifukwa cha madoko ake. Mathiraki amenewo sadutsa ulere, amalipira pachipata ndi pa mlatho. Ndipo mlatho wachiwiri wa ku Tete, wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014 cha ku Benga, unamangidwa pa mgwirizano ndi kampani ya Estradas do Zambeze, imene inapatsidwa zaka 30 zotolera ndalama ndi kusamalira misewu ikuluikulu ya chigawo chino. Amene ankadutsa ku Tete kale akukumbukira mzere wa mathiraki wodikira kuoloka mlatho wakale mmodzimmodzi. Mlatho watsopanowu unachotsa katundu wolemera pakati pa mzinda.

Koma musaganize kuti inu mulibe gawo pa phula limenelo. Feteleza amene mumathira, mankhwala a ku chipatala cha Ulónguè, ambulansi yothamangira ku chipatala chachikulu cha Tete, fodya wa ku Macanga ndi Chifunde wopita ku fakitale, mbatatesi za ku Tsangano zimene zimagulitsidwa m'misika ya ku Tete ndi ku Beira, zonsezi zimayenda pomwepo. Tinaona kufunika kwake mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagwetsa mbali ya mlatho wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, anthu n'kumazungulira ku Kassuende pa ulendo umene kale unali wa mphindi zochepa. Tinaonanso mu 2016, pamene galimoto zinayambanso kuyenda pa koluna pa N7 kuchoka ku Vanduzi kubwera chakuno, mitengo ya zinthu n'kukwera. Maganizo anga ndi akuti vuto si kukhalapo kwa phula la mathiraki. Vuto ndi lakuti makilomita makumi awiri kapena atatu ochoka kumunda kukafika pa phulalo ndi amene amadya phindu la mlimi, ndipo ndi amene amalandira ndalama zochepa kwambiri. Mpaka lero munthu wa ku Angónia wopita ku Lichinga amaona chapafupi kudzera ku Malawi, ndipo ambiri opita ku Zumbo amazungulira ku Zambia. Dziko limene anthu ake amatuluka kunja kuti akafike kwawo komwe, misewu yake sinathe kumangidwa.

N'chifukwa chiyani sangothira phula paliponse? Phula ndi lodula kwambiri poyerekeza ndi gelevulo, ndipo akatswiri asanavomereze amawerenga galimoto zodutsa pa tsiku. Msewu wodutsa galimoto zochepa sulandira phula msanga. Apa pali msampha umene umandipweteka mtima: galimoto sizibwera chifukwa msewu ndi woipa, ndipo msewu sukonzedwa chifukwa galimoto sizibwera. Njira yothyolera msampha umenewu ndi kusonyeza katundu amene akanatuluka msewu ukanakhala bwino, ndipo ndibwereranso ku mfundo imeneyi.

Chimene ndaphunzira pa ntchitoyi n'chakuti mlimi safuna phula kwenikweni, amafuna msewu wodutsika chaka chonse. Mukauyenda bwinobwino msewu wa kwanu mupeza kuti suli woipa ponseponse. Pali malo atatu kapena anayi amene amatseka njira: padambo pamene galimoto zimatitimira, pachitunda choterera cha katondo, pakamtsinje kopanda mlatho, pamene kalavati anatsekeka madzi n'kudula msewu. Kukonza malo amenewo okha, ndi miyala, gelevulo wabwino, kalavati kapena kamlatho kotsika ka simenti kamene madzi amadutsa pamwamba, kumatsegula msewu wonse pa ndalama zochepa. Mukapita kuboma kukapempha phula la makilomita makumi atatu adzakuuzani kuti ndalama palibe, ndipo adzakhala akunena zoona. Mukapempha makalavati awiri ndi gelevulo pa chitunda chakutichakuti, pempho lanu likhoza kulowa m'mapulani a chaka.

Mdani wamkulu wa msewu ndi madzi. Msewu uli ngati denga la udzu: pakadontha pamodzi n'kupalekerera, chaka chamawa mumasintha phaso lonse. Msewu wabwino umakhala wokwera pakati kuti madzi atsetserekere m'mbali, m'mbalimo muli ngalande, ndipo ngalandezo zili ndi potulukira pafupipafupi kuti madzi asathamange mtunda wautali. Kwanu kumapiriko mvula ndi yambiri ndipo malo ndi otsetsereka, ndiye madzi akangoyamba kuyenda m'kati mwa msewu, mvula ziwiri zokha zimakumba chigwembe. Ndaona malo ambiri pamene alimi eni ake anatseka potulukira madzi poopa kuti alowa m'munda, kapena analima mizere mpaka m'ngalande. Ndikumvetsa, munda ndi moyo. Koma madzi amenewo akabwerera mumsewu, wovutika ndi mlimi yemweyo pa nthawi yokolola. Ngolo za ng'ombe nazonso zikamadutsa mzere umodzi nthawi ya dzinja zimasiya tinjira timene madzi amatsata.

Pa phula mdani wachiwiri ndi kulemera. Kafukufuku amene anachitika ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anapeza kuti katundu wa pa ekiselo imodzi akawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. N'chifukwa chake thiraki imodzi yopyola muyezo imawononga kuposa galimoto zing'onozing'ono zambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake pali masikelo m'misewu. Kutsika ku Tete kumene kutentha kumapyola madigiri 40, phula limafewa, matayala olemera n'kulikankhira m'mbali, mumsewu n'kutsala mikwasa iwiri. Malasha atayamba kukumbidwa kwambiri ku Moatize kuyambira 2011, katundu wa pa misewu yathu anachuluka, ngakhale kuti malasha ambiri amayenda pa njanji ya Sena ndi ya Nacala. Aliyense wolola thiraki yolemetsa kudutsa pa sikelo chifukwa cha kangachepe, akudya msewu wa anthu onse.

Ndiye muchite chiyani? Choyamba fufuzani ngati msewu wanu uli ndi nambala. Funsani ku ofesi ya mapulani ndi zomangamanga ya pa boma lanu, imene amaitcha SDPI. Ngati uli ndi R, nkhani yake imafika ku nthambi ya ANE ya ku Tete, ndipo a SDPI angakuthandizeni kuitumiza. Ngati ulibe nambala, ndi wa disitiriti, ndipo njira yake ndi kudzera kwa amfumu, kwa mkulu wa lokalidade, mpaka ku khonsolo ya uphungu, konselyu konsutivu, kumene zofunika za chaka zimasankhidwa. Musapite nokha. Pitani ngati gulu la alimi, ndi kalata yolembedwa, yosainidwa, ndipo musunge kope yodindidwa chidindo. M'kalatamo lembani zinthu zogwirika: midzi ingati imadalira msewuwo, matumba angati a mbatatesi, nyemba ndi chimanga amatuluka pa chaka, miyezi ingati galimoto sizidutsa, sukulu ndi chipatala zimene zili m'njiramo, amayi oyembekezera amanyamulidwa bwanji mvula ikagwa. Jambulani malo ovutawo pa foni nthawi ya dzinja, chifukwa akuluakulu amakonda kuyendera misewu m'chilimwe pamene paliponse pali pouma. Ndipo perekani pempho msanga, chaka chisanafike kumapeto, mapulani a chaka chotsatira asanatsekedwe.

Pali ntchito imene mudzi ungagwire wokha mvula isanayambe: kuchotsa mchenga ndi zinyalala m'makalavati, kutsegula ngalande, kudzala udzu wa vetiva m'malo okokoloka, kuika timipanda ta miyala m'ngalande zotsetsereka kuti madzi achepe liwiro. Pokwirira maenje musathire dothi lakuda la kudambo kapena udzu ndi zinyalala, zimenezo zimasanduka phala. Funani gelevulo kapena miyala yoswa, ndipo musinje bwino. Koma ntchitoyi ikhale yogwirizana, osati yokakamiza. Anthu a kuno ali ndi chifukwa chomveka chodana ndi kugwira ntchito ya msewu mokakamizidwa. Ndipo kontirakitala akapatsidwa ntchito m'dera lanu, muli ndi ufulu wofunsa kuti ntchitoyo ndi yotani, ithera pati, ndiponso ngati anthu a m'mudzi alembedwa ganyu yolipidwa.

Pali zina zimene simuyenera kuchita nokha. Mukaona mlatho wang'ambika, kapena madzi akukumba pansi pa mzati wake, kapena dothi la pakhomo pa mlatho likutitimira, kanenani tsiku lomwelo kuboma ndi kupolisi, ndipo imitsani galimoto zolemera. Mlatho umagwa mwadzidzidzi, makamaka madzi atasefukira. Musadule phula kuti mudutsitse paipi, ndipo musamange chitunda chochepetsa liwiro pa msewu wa N popanda chilolezo, chifukwa chitunda chopanda chikwangwani chimapha wa njinga yamoto usiku. Pemphani a ANE adzaike choyenera. Komanso polambula msewu wakale umene unasiyidwa nthawi ya nkhondo, mukakumana ndi chitsulo chachilendo m'dothi, musachigwire, ikani chizindikiro patali, uzani apolisi.

Za golosale yanu, chonde musayambe kuumba njerwa musanafunse. Lamulo la Malo la 1997 limati m'mbali mwa misewu muli malo otetezedwa: mamita 30 pa misewu ya gulu loyamba monga N7, ndi mamita 15 pa ya gulu lachiwiri ndi lachitatu, ndipo N304 ili m'gulu lachiwiri. M'malo amenewo munthu sangapeze DUAT, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito malo. Chimene chingatheke ndi chilolezo chapadera cha ntchito inayake. Amfumu akhoza kukulozerani malo ndi mtima wabwino, wogulitsa akhoza kukuuzani kuti aliyense amamanga pomwepo, koma tsiku lokulitsa msewu nyumba ya m'malo otetezedwa imakhala yoyamba kugwetsedwa, ndipo nkhani ya chipukuta misozi imavuta kwambiri kwa amene anamanga popanda chilolezo. Itanani a SDPI adzayeze ndi kukhoma zikhomo, chifukwa iwo ndi amene akudziwa poyambira kuyeza. Ngati malowo ali m'kati mwa tauni ya Ulónguè, pitani ku khonsolo ya tauniyo. Bwererani m'mbuyo ndithu, musiye bwalo loti galimoto iime kunja kwa msewu, ndipo polowera panu muike kalavati kuti musatseke ngalande. Pewani pokhota ndi pamwamba pa chitunda pamene dalaivala saona patali.

Akulu anati walira mvula walira matope, ndipo phula nalo limabwera ndi zake. Msewu ukasalala galimoto zimathamanga, ndipo m'misika ya m'mbali mwa msewu, ngati ija ya m'malire a Ntcheu ndi Tsangano kumene mbali ina ya msewu ndi Malawi ina ndi Mozambique, ana ndi ogulitsa amakhala pafupi kwambiri ndi matayala. Lamulo limati m'malo okhala anthu galimoto isapyole makilomita 60 pa ola, koma thiraki yodzaza siima msanga ngakhale dalaivala ataponda buleki. Tisaiwalenso za ku Caphiridzange m'boma la Moatize, mu Novembala 2016, pamene thanki ya mafuta inaphulika anthu atazungulira kutunga petulo, n'kupha anthu oposa 70. Mukadzakhala ndi golosale pa msewu, anthu adzabwera kudzakugulitsani mafuta a m'zigubu otsitsidwa m'mathiraki. Akanizeni, ndipo thanki ikagwa pafupi, thamangitsani ana apite kutali.

Ngati tsiku lina ntchito ya msewu idzakhudza munda kapena nyumba yanu imene ili kunja kwa malo otetezedwa, musasaine pepala limene simunalimvetse. Pemphani kuti akuwerengereni m'Chinyanja, mitengo ya zipatso ndi mbewu zilembedwe zonse inu mulipo pamodzi ndi amfumu, ndipo mutenge kope yanu. Zikavuta, pitani ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya.